Tsitsi Limene Ndinasunga pa Utsi

Linali Lachiwiri, m'mwezi wa Juni, teni koloko m'mawa. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa belu la kusukulu linali litangolira kuti ana akapume. Ndinali m'munda ndikutola thonje, thumba lili m'chiuno, pamene ndinaona achimwene anga akutsika panjinga kumutu kwa munda. Njingayo sanaiimike. Anangoisiya n'kugwera m'mizere, iwo n'kumabwera wapansi, foni ili m'manja.

"Chemwali, masulani thumbalo mukhale pansi."

"Nenani ndili chiimire, achimwene."

"Aimba a kuchipatala ku Balaka. Mphwanga anatsika basi dzulo akudwala. Watisiya m'bandakucha."

Ine sindinkadziwa n'komwe kuti mwana wanga ali m'njira. Ndinkadziwa kuti ali ku Joni.

Mwana ndinali naye mmodzi yekhayo. Bambo ake anamwalira iye asanamere ndevu, ndipo tinatsala awiri m'nyumba muno ku Chikweo. Atakula anapita ku Joni monga amapitira anyamata ambiri a kuno. Chaka choyamba ankaimba foni kawirikawiri kudzera kwa atsibweni akewo. Chaka chachiwiri ankaimba mwa apo ndi apo. Chachitatu kunangoti zii.

Akaimba, funso langa linali limodzi lomwelo.

"Wadya?"

"Ndadya, amayi."

"Wadya chiyani?"

"Nyama. Kuno nyama timachita kupatsa agalu. Inu bwanji, mukadali pa chigwada?"

Tinkaseka. Koma foni ikaduka ndinkakhala pakhonde mtima uli m'mwamba, chifukwa mwanayo ndinkamudziwa. Chaka china cha njala, iye ali wamng'ono, tinkadya kamodzi patsiku, makaka ophika basi. Ankadya zidutswa ziwiri, n'kukankhira mbale kwa ine, n'kudzimenya pamimba. "Ndakhuta, amayi, onani." Ankatuza dala kamimbako kuti ndikhulupirire. Mwana wotero akakuuza pa foni kuti wadya, iwe sunamve kanthu.

Tinanyamuka tsiku lomwelo, pa njinga yamoto mpaka pamsewu, kenako minibasi kudutsa Liwonde. Ku nyumba ya chisoni ku Balaka ananditsegulira nkhope yokha ndi mapewa. Achipatala anati chinali chibayo, ndipo anafika mochedwa. Ndinamuyang'anitsitsa. Anali wowonda, koma anabadwa wowonda, wamtali ngati bambo ake. Sindinathe kudziwa ngati uku kunali kuwonda kwake kwa masiku onse kapena kwina. Chachilendo chinali tsitsi. Anachoka kuno ali wometa mpala, koma apa anali ndi madiredi, zingwe zopotana zofika m'khosi.

Anatipatsa chikwama chake. Munali malaya awiri, bulangete lakale, ndi nsapato zachizimayi zatsopano, zondikwana ndendende. Chakudya munalibe, ngakhale kachidutswa ka buledi. Achimwene anati, "Mwaona, zinkamuyendera. Munthu wanjala sagula nsapato." Ine mumtima ndinati, mwana uyu akhoza kugona ndi njala sabata yathunthu kuti agule nsapato zimenezi.

Titafika naye kumudzi, akuluakulu a mpingo ndi achimwene anagwirizana kuti sangaikidwe ndi tsitsi lotero. Anati adzukulu amumete, tsitsilo aliike m'bokosi kumiyendo. Ndinawaitanira achimwene kuseri kwa nkhokwe.

"Mundipatseko chingwe chimodzi."

"Chemwali, mukufuna anthu atinene ufiti? Tsitsi la maliro?"

"Zaka zitatu sindinamuone. Chimene chinamera pathupi pake ine kulibe ndi tsitsi lokhali. Ndipatseniko."

Anangotembenuka n'kubwerera kwa anthu. Koma pamene anthu ankanyamuka kupita kumanda, anadutsa pafupi nane n'kundigwetsera kanthu pachitenje, osandiyang'ana. Chinali chingwe chimodzi, chokulungidwa m'tsamba la nthochi.

Maliro atatha ndinachitulutsa. Chinali chouma, chokhakhala, ndipo ndinaopa kuti chiyamba kuthothoka. Ndinatenga mafuta odzola a m'botolo, omwe aja ndinkamudzoza m'mutu ali mwana popita kutchalitchi, n'kuchidzoza bwinobwino. Ndinachikulunga m'kansalu. Kwathu chinthu chimene sukufuna kuti chifumbwe umachiika pa utsi. Mbewu ya chimanga, mapira, khobwe, zonse timapachika kudenga la khitchini, pamwamba pa moto. Choncho kansaluko ndinakatsomeka paphaso, pakati pa ngala za mapira. Ndikamaphika ndinkadziwa kuti kali pamwamba panga. Mwezi ukatha ndinkakatsitsa, kudzozanso, n'kukabwezera.

Anyamata obwerako ku Joni ndinkawafunsa aliyense. Wina anati anamva kuti ankagwira ntchito kudoko, kunyanja yamchere, kutsitsa nsomba m'maboti. Wina anati iyayi, anamuona kutauni ina ntchito itamuthera, akugona m'kachipinda ndi anzake ambiri. Aliyense ankanena motsimikiza, ndipo aliyense pomaliza ankati, "Kaya, mwina anali wina wofanana naye."

Chaka chotsatira, m'chilimwe, kunabwera mwana wa mng'ono wanga. Mtsikanayu anakulira ku Balaka, sukulu inamuyanja, ndipo nthawiyo ankaphunzira kuyunivesite kunja kwa dziko lino. Iye ankatcha mwana wanga achimwene, chifukwa kwathu ana a mkulu ndi mng'ono ndi amodzi. Pamaliro sanathe kubwera. Tsopano anabwera ndi ntchito ya sukulu yake, kudzafufuza zimene anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta amadya. Ankagona kwa ine. M'mawa ankapita kunyanja kukatenga tizidutswa ta nsomba, masana n'kumapempha anthu tsitsi pang'ono.

Nkhani ya tsitsiyo inavuta poyamba. Tsiku lina pa mjigo mnzanga wina wachiyao, amene timayanika naye matemba, anamuimitsa.

"Iwe mwana, tsitsi lathu ukupita nalo kuti? Ufiti masiku ano akuphunzitsa kusukulu?"

"Amayi, ufiti wathu ndi wa masana, umayamba wapempha."

"Ndiye langali tenga, ukandilodze ndinenepe. Amuna anga akuti ndikufanana ndi bango."

"Ine kunenepetsa sinditha. Koma ndikhoza kuwauza bambowo zimene mumadya iwo akachoka."

"Iii! Bweza tsitsi langa!"

Amayi onse anafa nacho chiseko, ndipo tsiku limenelo ambiri analola. Ine sindinaseke kwambiri. Mawu akuti akhoza kudziwa zimene munthu amadya anandikhala pamtima.

Madzulo ake tikusenda chinangwa ndinamufunsa kuti andifotokozere ngati munthu amene sukulu anailekera panjira. Anaganiza kaye. Kenako anati chilichonse chimene timadya chimasiya kanthu m'tsitsi, ndipo tsitsi likamera silisinthanso. La pafupi ndi khungu ndi la posachedwa, la kunsonga ndi lakale. Anatchula zinthu ziwiri. China ndi kaboni, chimene chimatsala chakuda ukawotcha chinthu. China ndi nayitirojeni, yemwe uja timamva pa feteleza wobereketsa. Anati chilichonse mwa ziwirizi chili ndi mitundu iwiri, wopepuka ndi wolemera, yofanana ngati mapasa, yosiyana kulemera kokha. Wodya chimanga amakhala ndi kaboni wolemera wambiri kuposa wodya chinangwa, mpunga kapena buledi. Wodya nsomba ndi nyama amakhala ndi nayitirojeni wolemera wambiri kuposa wodya masamba.

"Nanga mumayeza bwanji? Pa sikelo?"

"Pali makina, amayi. Amawotcha katsitsiko kasanduke mpweya, mpweyawo n'kuuthamangitsa pafupi ndi maginito. Mukudziwa mmene mumauluzira mpunga pamphepo? Mankhusu amapita patali, mpunga umagwa pafupi. Maginito aja ndiye mphepo. Opepuka amakhotera kwambiri, olemera pang'ono, ndipo makina amawerenga mbali zonse."

Ndinamvetsa. Ndinaona mmene ankagwirira ntchito yake. Tsitsi la munthu sankaligwira ndi manja, ankavala magolovesi n'kulitola ndi kachitsulo. Ndinkayesa kunyada kwa anthu ophunzira. Iye anati iyayi, kusiyana kumene amafuna n'kochepa kwambiri, moti thukuta la chala chimodzi likhoza kusokoneza. Anati ngakhale makinawo amasunga fungo la chimene ayeza poyamba, ngati mtondo umene wasinjiramo tsabola kenako n'kusinjiramo mtedza. N'chifukwa chake pakatipakati amayezamo chinthu chimene akuchidziwa kale, kuti aone ngati makinawo akunena zoona tsiku limenelo.

M'mawa mwake, iye akumwa tiyi pakhonde, ndinakwera pampando m'khitchini n'kutsitsa kansalu kaja. Kanali katada bii ndi mwaye. Ndinakamasula pamaso pake.

Anaika kapu pansi. "Ndi la achimwene?"

"Ndi lawo."

Analira. Ndinamusiya alire, chifukwa iye maliro aja sanawalire pamodzi nafe. Atapukuta misozi ndinamuuza chimene ndinkafuna.

"Sindikufunsa kumene anali. Sindikufunsa chifukwa chimene analekera kuimba foni. Ndikufuna kudziwa ngati ankadya."

Anavala magolovesi ake, n'kuchinyamula chingwecho, n'kuchinunkhiza.

"Amayi, mwachidzoza chiyani?"

"Mafuta odzola."

"Kangati?"

"Mwezi ndi mwezi."

"Ndipo nthawi yonseyi chinali pa utsi?"

"Nanga ndikanachiika kuti? M'sutikesi njenjete zikanamaliza."

Anapumira m'mwamba, kenako anaseka pang'ono misozi ili m'maso. "Mwachisunga ngati mbewu." Anandifotokozera kuti mafuta aja ali ndi kaboni wawo, wochokera pansi pa nthaka, ndipo mwaye uli ndi kaboni wa nkhuni zimene ndakhala ndikusonkhezera. Makina sadziwa kuti uyu ndi wa tsitsi, uyu ndi wa mafuta. Amawotcha zonse pamodzi n'kuwerenga. Zikalowa mmene zilili, makina adzanena kuti mwana wanga ankadya mitengo ya m'khitchini mwanga.

"Ndiye basi zawonongeka?"

"Sindikudziwa. Tili ndi mankhwala otsukira mafuta. Koma utsi wa chaka chathunthu umalowerera. Komanso madiredi ndi ovuta, amayi. Tsitsi limene linathothoka kale silinagwe pansi, linapotanira momwemo. Tiyenera kumasula n'kupeza titsitsi timene tayenda kuchokera kumutu mpaka kunsonga osaduka. Ndikapempha kaye kwa aphunzitsi anga. Akakana, ndibweza."

Anatenga lumo latsopano n'kuching'amba chingwecho m'litali, pang'onopang'ono, kuti mbali iliyonse ikhale ndi kumutu ndi kunsonga. Ndinamufunsa ngati theka limene akutengalo lidzabwerere. Anati iyayi, makina amawotcha, palibe chotsala. Ndinayang'ana kumbali pamene ankalikulunga. Theka langa analiika m'kabotolo kagalasi kotsuka bwino, n'kundiuza kuti ndisalidzozenso, ndisalibwezerenso ku utsi.

Kusalidzoza kunandivuta kuposa mmene ndinkaganizira. Mwezi ukatha manja ankafuna. Ndinkatenga kabotoloko, kukagwira, kukatembenuza, n'kukabwezera.

Mvula inagwa, tinadzala, tinapalira. Mtsikana uja anaimba kamodzi kunena kuti aphunzitsi alola, koma makina ali ndi mzere wautali. Nthawi imeneyo ndi imene ndinamusowa kwambiri mwana wanga. Pamaliro pamakhala anthu, pamakhala zochita. Koma m'dzinja, chimanga chikamasula, m'nyumba mumangokhala iwe ndi kulira kwa mvula pa malata. Ndinkakumbukira mmene ankadyera. Sankafulumira. Nsomba ankayamba kumutu, kuyamwa fupa lililonse, mnofu n'kusungira kumapeto. Mkute ankaukonda kuposa nsima ya moto, ankauwotcha pamakala m'mawa n'kumadya akuyenda kupita kumunda. Kalongonda, nyemba zija makolo athu anabwera nazo kuchokera ku Mozambiki, zimene umaphika tsiku lonse n'kumataya madzi kuti zisaledzeretse, iye ndiye ankakhala mlonda wa mphika. Ankati, "Amayi, zapsa," dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. Ndinkati, "Idya ugwe, ndikakutole kuseri." Chaka chimenecho kalongonda ndinabzala, ndinakolola, koma sindinaphike.

Nthawi zina ndikamapalira ndinkaganiza za makina aja, kudziko kumene sindidzafikako, ndi katsitsi ka mwana wanga kali pamzere kudikira. Anadikira pa mizere ingati mwana ameneyu, ya mapepala, ya ntchito, ya basi. Tsopano ngakhale tsitsi lake.

Mtsikana uja anabwera titakolola. Sanafune kunena pa foni. Anafika masana, ndinamupatsa madzi, tinakhala pamphasa pansi pa mango. Ndinaitana achimwene kuti amve nawo, popeza ndiwo anandipatsa chingwecho.

Anayamba ndi kutsuka. Anati anatsuka katatu ndi mankhwala, n'kutsukuluza ndi madzi opanda kanthu kalikonse, n'kuumitsa. Tsitsi la kunja kwa chingwe linakanabe. Anadziwa bwanji? Anati tsitsi la munthu aliyense lili ndi muyezo wake wa kaboni poyerekeza ndi nayitirojeni, ngati mmene thobwa lilili ndi muyezo wa ufa ndi chimera. La kunjalo kaboni anachuluka kupitirira muyezo, kusonyeza kuti utsi ndi mafuta zinatsaliramo. Akayeza kawiri, mayankho ankasiyana. Limenelo analitaya.

"Koma m'kati mwa chingwe, amayi, mmene munapotana kwambiri, utsi sunafike. Tinapezamo tingapo toyera. Timeneto tinatidula tizidutswa kuyambira kunsonga mpaka kumutu."

"Ndiye tinati chiyani?"

"Achimwene ankadya nsima. Kuyambira kunsonga mpaka kumutu, chimanga sichinasowe m'thupi mwawo."

Achimwene anga anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva, chemwali? Nsima!"

Ine ndinali kuyang'ana mtsikanayo. Nkhope yake inali isanamalize.

"Nena zonse, mwananga."

"Makina amanena mtundu wa chakudya. Sanena kuchuluka kwake. Wodya mitanda itatu ndi wodya theka la mtanda amaoneka chimodzimodzi."

"Nanga ndiwo?"

Apa anatola kamtengo n'kujambula mzere pansi. Anati mbali yaikulu ya tsitsilo nayitirojeni wolemera anali pakatikati, ngati wa munthu wodya nyemba, masamba, nyama mwa apo ndi apo. Koma chakumutu, pa miyezi yomaliza, mzerewo unakwera. Anaukhotetsera m'mwamba ndi kamtengoko.

"Kukwera kumeneku kumabwera munthu akayamba kudya nsomba zambiri, makamaka za kunyanja yamchere."

"Kudoko kuja!" anatero achimwene. "Mnyamata uja ananena zoona."

"Atsibweni, dikirani. Kumabweranso munthu akakhala ndi njala nthawi yaitali, kapena akadwala mpaka thupi kuyamba kudzidya lokha. Thupi likamadya mnofu wake, kwa makina zimaoneka ngati munthuyo akudya nyama."

Nkhuku inadutsa pamphasa, palibe anaiingitsa.

"Ndiye kukhuta ndi njala zimalemba mofanana?" ndinafunsa.

"Pa muyezo umenewu, eya."

Anawonjeza kuti masabata omaliza enieni mulibe m'chingwemo. Tsitsi limayamba kumera m'kati mwa khungu, ndipo lumo la adzukulu silifika kumeneko. Za ulendo wake wobwerera, za masiku a m'basi, anapita nazo.

Ndinafunsa ngati palibe njira ina. Anati ilipo, koma ndi yovuta. Tsitsilo amalisungunula ndi mankhwala owawa kwambiri kuti ligawike m'tizigawo take, n'kuyeza kagawo kalikonse pakokha. Tizigawo tina timakwera ndi nsomba mosiyana ndi mmene timakwerera ndi njala. Koma kuti tizigawoto tidutse m'makina amayenera kutiphatikiza ndi mankhwala ena, amenenso ali ndi kaboni wawo, ndiye pambuyo pake n'kuchotsera. Pa sitepe iliyonse kanthu kakhoza kutayika kapena kulowerera. Anati njirayi imafuna tsitsi lochuluka, ndipo loyera lili m'kati mokha. Ayenera kumasula theka lonse limene ndatsala nalo.

"Ndipo yankho lidzapezeka?"

"Mwina, amayi. Sindingakunamizeni. Likhoza kupezeka, likhozanso kutuluka la pakatikati."

"Chotsala?"

"Palibe chidzatsale."

Achimwene anaimirira n'kukutumula thalauza. "Chemwali, ine ndinene. Mukadziwa kuti anafa ndi njala, mudzamutengera chakudya kumanda? Mukadziwa kuti ankadya nsomba, adzadzuka? Tengani za nsombazo, mugone tulo."

"Inu mwatenga kale."

"Ndatenga, eya. Mphwanga ankatsitsa nsomba kudoko, ankadya mpaka kutaya. Ine ndatha."

Ananyamula njinga yawo. Koma ndinaona kuti sanakwere, anaikankha mpaka kukafika kumsewu.

Mnzanga wachiyao uja nditamuuza, anati, "Ine ndikanatumiza. Kusadziwa kumadya munthu kuposa njala yeniyeniyo." Tsiku lina anabweranso n'kunena kuti waganiza bwino, sakanatumiza. Ndinamuuza kuti iye ndi makina aja ndi amodzi, akayeza kawiri mayankho awiri. Anandigenda ndi chitsononkho.

Mtsikana uja anakhala nane sabata imodzi. Sanandikakamize. Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza mpaka pamene pamaima njinga zamoto. Kabotolo kaja ndinali nditakamanga kunsonga ya chitenje. Iye anakaona. Tinaima pamenepo, woyendetsa njinga akuliza injini, ine dzanja lili pamfundo. Ndinaganiza za mzere uja wokwera m'mwamba. Tsiku lina ndikauganiza ndimaona mwana wanga atakhala pa bokosi kudoko, akuyamwa mutu wa nsomba yaikulu imene ine sindinaionepo, mafuta akutsika m'chigongono. Tsiku lina ndimamuona m'kachipinda, akuuza anzake kuti wakhuta. Onse awiriwo ndi iye, ndimawadziwa. Ndikatumiza tsitsilo mmodzi wa iwo adzachoka, ndipo sindikudziwa kuti ndi uti. Mwinanso onse adzakhalapo, tsitsi lokha n'kupita.

Mfundo ija sindinaimasule.

"Likhoza kudikira?" ndinamufunsa.

"Likhoza, amayi, zaka zambiri. Tsitsi siliwola msanga. Mdani wake ndi chinyontho ndi nkhungu. Likhale pouma, pamdima, lisakhudzane ndi kanthu. Tsiku limene mudzafune, mudzandiimbire. Mwina pofika nthawiyo makina adzakhala ofuna tsitsi lochepa."

Anandiphunzitsa kasungidwe kake ndi zinthu zimene ndili nazo. Kabotolo kagalasi kakhale kotseka, ndisamakatsegule. Ndikaike m'chitini chokhala ndi chivundikiro, ndipo m'chitinimo, kunja kwa kabotolo, ndiikemo mpunga wokazinga womangidwa m'kansalu kuti uzimwa chinyontho. Anakwera njinga, ndinamuuza kuti akapereke moni kwa amayi ake ku Balaka.

Papita madzinja awiri tsopano. Mtsikana uja amaimba foni, timakamba za mvula, za sukulu yake, za miyendo yanga. Za tsitsi safunsa, ine sindinayankhe. Masiku ena ndimadzuka nditatsimikiza kuti nditumiza, ndimafika mpaka pakhomo pa achimwene kukabwereka foni, n'kungowafunsa za mbewu.

Ndikulimabe thonje ndi chinangwa, ndipo nyanja ikalola ndimayanika matemba. Chitini chili pashelefu kuchipinda, kutali ndi khitchini. Mwezi ukaoneka ndimakazinga mpunga wodzaza dzanja, ndimausiya uzizire, n'kusintha wa m'chitinimo. Wakalewo ndimapatsa nkhuku.